Kuyezetsa khansa ya khomo la chiberekero: Zofunika kudziwa amayi omwe ali ndi HIV

Khansa ya khomo la chiberekero ndiyo imagwira ndi kupha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse. Ziwerengero za m'chaka cha 2020 zochokera kunthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO zidaonetsa kuti amayi oposa 4,000 amapezeka ndi nthendayi chaka chilichonse m'dziko muno, ndipo pafupifupi 3,000 amamwalira nayo. Izi zikuika Malawi pakati pa maiko omwe nthendayi yazika mizu kwambiri padziko lapansi.

Mwa amayi onse, omwe ali ndi kachirombo ka HIV ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Bungwe la WHO limati chiopsezo chawo chimaposa cha amayi omwe alibe kachiromboka kasanu ndi kamodzi. Ubwino wake ndi wakuti khansa imeneyi siigwa mwadzidzidzi. Imatenga zaka ikukonzekera, ndipo m'zaka zimenezo azaumoyo angathe kuona pomwe ikufuna kuyambira ndi kuchotsapo vutolo. Kwa mayi yemwe ali ndi HIV, zaka zimenezi ndi zochepa, n'chifukwa chake amalangizidwa kuyamba kuyezetsa msanga, kubwereza pafupipafupi, komanso kubwerera kuchipatala akalandira chithandizo.

Chimayambitsa nthendayi n'chiyani?

Khomo la chiberekero ndi mbali ya m'munsi ya chiberekero, yopapatiza, imene imatsegukira kunjira yoberekera. Magazi a msambo amatulukira pamenepa, ndipo ndi pomwe pamatseguka kuti mwana adutse pobadwa. Pakhomopo pali malo omwe mitundu iwiri ya maselo imakumana, ndipo khansa imakonda kuyambira pamalo amenewo.

Pafupifupi khansa yonse ya pamalowa imayamba chifukwa cha kachirombo kotchedwa Human papillomavirus, kapena kuti HPV mwachidule. Kachiromboka kamafala pogonana, ngakhale pongokhudzana khungu la kumaliseche. N'kofala kwambiri moti anthu ambiri, amuna ndi akazi omwe, amakatenga nthawi ina pamoyo wawo koma osadziwa. Kupezeka nako si umboni wa chiwerewere, pakuti ngakhale mayi yemwe wadziwa mwamuna mmodzi yekha pamoyo wake angathe kukatenga.

Mitundu ya HPV ilipo yoposa 100. Ina imangoyambitsa njerewere, koma ina yowerengeka ndiyo imayambitsa khansa. Iwiri mwa iyo, yotchedwa HPV 16 ndi HPV 18, imayambitsa pafupifupi khansa 70 mwa 100 zilizonse za khomo la chiberekero padziko lonse. Katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, ndiye adaonetsa kuti HPV imayambitsa khansayi. Mu 2008 iye adalandira mphoto ya Nobel, yomwe adagawana ndi Françoise Barré-Sinoussi ndi Luc Montagnier a ku France, omwe adatulukira kachirombo ka HIV.

Mwa amayi ambiri, chitetezo cha m'thupi chimagonjetsa HPV pachokha zisanathe zaka ziwiri. Vuto limabwera kachiromboka kakakhazikika. Pang'onopang'ono kamasintha maselo a pakhomo la chiberekero, ndipo maselo osinthikawo ndiwo pambuyo pake amasanduka khansa. Nthawi yonseyi mayi samva ululu, sataya magazi, ndipo amagwira ntchito zake monga mwa masiku onse. Malinga ndi WHO, ulendowu umatenga zaka 15 mpaka 20 mwa mayi yemwe chitetezo chake chili bwino, koma umatha kutenga zaka 5 mpaka 10 zokha mwa mayi yemwe chitetezo chake chafooka, monga yemwe ali ndi HIV koma sakulandira mankhwala.

Mmene HIV imakulitsira chiopsezo

Kachirombo ka HIV kamawononga maselo a CD4, omwe ambiri timawatcha asilikali a m'thupi. Asilikaliwa ndi omwenso thupi limadalira polimbana ndi HPV. Akachepa, zinthu zingapo zimachitika nthawi imodzi. Mayi amatenga HPV mosavuta. Thupi lake limalephera kukachotsa, motero kamakhala kwa zaka. Nthawi zambiri amakhala ndi mitundu ingapo ya kachiromboka pakamodzi. Maselo osinthika amafalikira pamalo aakulu ndipo amasanduka khansa mofulumira. Ngakhale atalandira chithandizo, vutolo limatha kuyambiranso mosavuta kusiyana ndi mwa mayi yemwe alibe HIV.

Zotsatira zake n'zakuti amayi omwe ali ndi HIV amapezeka ndi khansayi akadali achichepere, panthawi yomwe akulera ana ndi kusamalira mabanja. Ubale wa matenda awiriwa udadziwika kale. Mu 1993, bungwe loona za matenda la ku America la CDC lidaika khansa ya khomo la chiberekero pamndandanda wa matenda osonyeza kuti munthu yemwe ali ndi HIV wafika podwala Edzi.

Mtolowu wagwera kwambiri chigawo chathu chino. Mwa amayi 100 alionse omwe ali ndi khansayi komanso HIV padziko lonse, 85 amakhala m'maiko a mu Africa a kummwera kwa chipululu cha Sahara. Kuno kwathu, kafukufuku wa MPHIA wa mu 2020 mpaka 2021 adapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 15 kupita m'mwamba, oposa 10 ali ndi HIV, pamene mwa abambo 100 alionse ndi 7.

Ma ARV amathandiza, koma paokha sakwanira

Dziko la Malawi lapita patsogolo pankhani ya mankhwala otalikitsa moyo. Mu 2011 lidakhala loyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa omwe ali ndi HIV, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi kachiromboka amayamba mankhwala mosadikira kuti chitetezo chitsike.

Kuyamba ma ARV msanga ndi kumwa mokhulupirika kumachepetsa chiopsezo cha khansayi, chifukwa chitetezo chikakwera thupi limalimbana bwino ndi HPV. Komabe ma ARV amalimbana ndi HIV yokha. Sapha HPV, ndipo n'kosatheka kuwadalira kuti achotse maselo omwe adasinthika kale. Mayi angathe kuuzidwa kuti tizirombo ta HIV sitikuonekanso m'magazi mwake, thupi lili lonenepa bwino, koma pakhomo la chiberekero pali vuto lomwe likukula mwakachetechete. Choncho kumwa mankhwala ndi kuyezetsa khomo la chiberekero ziyenera kuyendera limodzi.

Ndani ayezetse, ndipo kangati?

Kuyezetsa kumeneku n'kwa amayi omwe sakumva vuto lililonse. Cholinga chake n'kupeza maselo osinthika asanasanduke khansa. Mu 2021 bungwe la WHO lidatulutsa malangizo omwe amasiyanitsa amayi omwe ali ndi HIV ndi amayi ena motere:

Zaka zoyambira: Amayi omwe ali ndi HIV ayambe ali ndi zaka 25, pamene amayi ena angathe kuyamba ali ndi zaka 30.

Kubwereza: Pomwe akuyeza pofufuza kachirombo ka HPV, amayi omwe ali ndi HIV abwereze pakatha zaka 3 mpaka 5, pamene ena abwereze pakatha zaka 5 mpaka 10. Pomwe akuyeza ndi viniga kapena poona maselo pamakina, pasadutse zaka zitatu.

Oyenera kufikiridwa choyamba: Amayi omwe ali ndi HIV a zaka 25 mpaka 49. Amayi a zaka 50 mpaka 65 omwe sadayezetsepo chibadwire nawonso ayezedwe pomwe pali zipangizo zoyenera.

Dziko lililonse limakonza ndondomeko yake potengera malangizowa ndi zipangizo zomwe lili nazo, ndipo mapologalamu ena a HIV m'chigawo chino amayeza amayi pakatha zaka ziwiri zilizonse. Chofunika kwa mayi n'kufunsa tsiku lobwereranso ndi kuonetsetsa kuti lalembedwa m'buku lake la kuchipatala pamodzi ndi zotsatira. Mayi woyembekezera auze namwino asanamuyeze, chifukwa chithandizo cha maselo osinthika nthawi zambiri chimadikira mpaka atabereka. Ndi bwinonso kupita masiku omwe msambo suli wambiri, popeza magazi amaphimba pomwe namwino akufuna kuona.

Njira zoyezera

Njira yofala kwambiri m'Malawi ndi yoyeza ndi viniga, yomwe azaumoyo amaitcha VIA. Mayi amagona chagada pabedi m'chipinda choduka mphepo. Namwino amalowetsa kachida kotsegulira njira yoberekera kuti khomo la chiberekero lioneke, kenaka amapakapo viniga wosungunulidwa bwino pogwiritsa ntchito thonje. Pakatha mphindi imodzi, malo omwe maselo asinthika amayera, ndipo namwino amawaona ndi maso mothandizidwa ndi nyali. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa, ndipo zotsatira zimadziwika pompopompo. Mayi amamva kuzizira kapena kuthinidwa pang'ono, koma sipakhala kudula kulikonse. Kufooka kwa njirayi n'kwakuti imadalira diso ndi luso la woyeza, ndipo siidalirika kwenikweni mwa amayi omwe adasiya kusamba, chifukwa malo oyenera kuonedwa aja amakhala atabisika m'kati.

Njira yachiwiri ndi yofufuza kachirombo ka HPV, ndipo ndiyo WHO imalimbikitsa kwambiri chifukwa siiphonya kawirikawiri. Amatenga timadzi ta m'njira yoberekera ndi kamtengo ka thonje kunsonga n'kukatiyeza pamakina. Mayi angathe kudzitenga yekha timadzito pamalo obisika popanda kuvulira munthu, ndipo zotsatira zake n'zodalirika pafupifupi mofanana ndi zotengedwa ndi namwino. Makina a GeneXpert, omwe zipatala zambiri zimayezera chifuwa chachikulu, amathanso kuyeza HPV pakakhala zipangizo zake. Njirayi ikupezeka m'zipatala zina m'dziko muno.

Kupezeka ndi HPV sikutanthauza kuti mayi ali ndi khansa. Popeza amayi ambiri omwe ali ndi HIV amapezekanso ndi HPV, WHO imalangiza kuti wopezeka nako aunikidwenso ndi njira ina, monga ya viniga, pofuna kudziwa ngati akufunika chithandizo. Kuunika kwachiwiriko kukaonetsa kuti khomo lili bwino, mayi abwererenso pakatha miyezi 12.

Njira yachitatu ndi ya Pap smear, yomwe amapala maselo a pakhomo la chiberekero n'kukawaona pamakina okulitsa zinthu. Njirayi idachepetsa kwambiri khansayi m'maiko olemera, koma imafuna malo opimira ndi akatswiri, ndipo zotsatira zimatenga masiku kuti zituluke.

Zotsatira ndi chithandizo chake

Poyeza ndi viniga, zotsatira zimakhala za mitundu itatu. Khomo likapezeka kuti lili bwino, mayi amapatsidwa tsiku lodzabweranso. Pakapezeka maselo osinthika, ameneyo si khansa, koma malowo ayenera kuthandizidwa. Pakaoneka chotupa kapena chilonda chokayikitsa, mayi amatumizidwa kuchipatala chachikulu komwe amakadula kamnofu kakang'ono kuti akakayeze. Kuyeza kamnofu kumeneku ndiko kokha kumatsimikiza ngati ili khansa.

Maselo osinthika amathandizidwa m'njira zitatu. Yoyamba ndi kuwatentha ndi kachida kotentha pafupifupi madigiri 100, komwe kamaikidwa pamalopo kwa nthawi yosakwana mphindi imodzi. Kachidaka n'kopepuka ndipo mitundu ina imayendera batire, motero kamafika ngakhale kuzipatala za kumudzi. Chipatala cha Nkhoma m'boma la Lilongwe n'chimodzi mwa zoyamba mu Africa kugwiritsa ntchito njirayi pa amayi ambiri, ndipo WHO idaivomereza mu 2019. Yachiwiri ndi kuumitsa maselowo ndi mpweya wozizira kwambiri. Yachitatu, yotchedwa LEEP, ndi kusenga malowo ndi kawaya ka magetsi atabaya mankhwala ochititsa dzanzi. Njira ya LEEP imagwiritsidwa ntchito malo osinthika akakhala aakulu kapena akalowa m'kati mwa khomo, zomwe zimachitika kawirikawiri mwa amayi omwe ali ndi HIV.

Pomwe n'kotheka, kutentha kapena kuumitsa kumachitika tsiku lomwelo. Izi n'zofunika kwambiri, chifukwa amayi ambiri omwe amauzidwa kuti adzabwere tsiku lina, kapena kuti apite kuchipatala china, amalephera kutero kaamba ka mtunda, ndalama zoyendera kapena mantha. Kuyezetsa kopanda chithandizo chotsatira sikuteteza mayi ku chilichonse.

Pambuyo pa chithandizo

Mayi amatha kumva kupotokola m'mimba ngati kwa msambo, ndipo amatuluka madzimadzi kwa masabata angapo pamene pakupola. Amalangizidwa kupewa kugonana kwa masabata osachepera anayi komanso kusaika kanthu kalikonse m'njira yoberekera. Kupewa kukavuta, kondomu igwiritsidwe ntchito, pakuti pamalo osapola tizirombo timalowa ndi kutuluka mosavuta. Apa m'pomwe abambo ali ndi gawo lalikulu, ndipo ndi bwino kuti amve malangizowa kuchokera kwa namwino pamodzi ndi akazi awo. Mayi abwerere kuchipatala msanga akatentha thupi, akamataya magazi ambiri, akamamva ululu waukulu m'mimba kapena akamatuluka chikazi chonunkha.

Chifukwa vutoli limatha kuyambiranso, WHO imalangiza kuti mayi yemwe ali ndi HIV ayezedwenso pakatha miyezi 12 chilandirireni chithandizo. Akapezeka kuti ali bwino, ayezedwenso pakatha miyezi ina 12, ndipo akapezekanso bwino m'pomwe angabwerere pandondomeko ya masiku onse.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Pali zizindikiro zomwe mayi akaziona apite kuchipatala mosayembekezera tsiku lolembedwa m'buku, ngakhale atayezetsa posachedwa: kutaya magazi pogonana kapena pambuyo pake, kutaya magazi pakati pa msambo, kuyambiranso kutaya magazi atasiya kale kusamba, chikazi chamadzimadzi kapena chonunkha chomwe sichikutha ndi mankhwala, komanso ululu wosatha wa m'chinena kapena wa msana. Zizindikirozi zimabweranso ndi matenda ena, koma woyenera kusiyanitsa ndi wachipatala ataona khomo la chiberekero ndi maso. Mayi yemwe walandira mankhwala a matenda opatsirana pogonana kangapo koma osasintha apemphe kuti amuunike.

Khansa ikapezeka idakali pakhomo pokha, imachizika ndi opaleshoni. Ikafalikira pamafunika mankhwala amphamvu a khansa ndi kuwotcha ndi makina a cheza, ndipo kuchira kumavuta. Amayi ambiri m'dziko muno amafika kuchipatala nthendayi itakula kale, ndipo ichi n'chifukwa chachikulu chomwe imfa zimachulukira.

Komwe ntchitoyi ikuchitika

Unduna wa Zaumoyo udayamba kufalitsa kuyeza ndi viniga m'dziko muno mu 2004. Mu 2018 kudakhazikitsidwa mgwirizano wa Go Further pakati pa PEPFAR, George W. Bush Institute ndi UNAIDS, womwe udalunjika pa amayi omwe ali ndi HIV m'maiko asanu ndi atatu a m'chigawo chino, kuphatikizapo Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Kuchokera nthawi imeneyo, malo ambiri olandirira ma ARV adayamba kuyezanso khomo la chiberekero, kapena kutumiza amayi kuchipinda choyezera cha pachipatala chomwecho. M'zipatala za boma kuyezetsa n'kwaulere.

Amayi omwe akuganiziridwa kuti ali ndi khansa amatumizidwa kuzipatala zikuluzikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Ku Blantyre, bungwe la Médecins Sans Frontières lidayamba ntchito yolimbana ndi khansayi mu 2018 mogwirizana ndi boma, ndipo ku Lilongwe kuli chipatala cha khansa cha dziko lonse pa Kamuzu Central.

Mantha ndi mphekesera

Amayi ena amazengereza chifukwa cha zomwe adamva kwa anzawo. Pali mphekesera yakuti poyeza amatulutsa chiberekero n'kuchibwezeretsa, koma zoona zake n'zakuti chiberekero sichisunthidwa konse, namwino amangoona khomo lake. Ena amaopa kuti sadzaberekanso, chonsecho amayi omwe adatenthedwa kapena kuumitsidwa maselo osinthika amatenga pathupi ndi kubereka. Yemwe adalandira chithandizo cha LEEP angofunika kuuza anamwino a kusikelo akadzakhala woyembekezera. Enanso amati kutaya magazi kosatha n'kulodzedwa, ndipo amataya miyezi yofunika kwambiri akuzungulira kwa asing'anga.

Manyazi nawonso ndi chopinga chachikulu, makamaka woyeza akakhala mwamuna. Mayi ali ndi ufulu wopempha kuti amuyeze namwino wamkazi ngati alipo, kapena kuti m'chipindamo mukhalenso mayi wina. Akuluakulu adati mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Katemera wa atsikana

Katemera wa HPV amateteza ku mitundu ya kachiromboka yomwe imayambitsa khansa zambiri, ndipo amagwira bwino ntchito akaperekedwa mtsikana asanayambe zogonana. Atayesedwa m'maboma a Rumphi ndi Zomba kuyambira mu 2013, katemerayu adakhazikitsidwa m'dziko lonse mu Januwale 2019, kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Ngakhale WHO imalola kuti atsikana ambiri abayidwe kamodzi kokha, imalangiza kuti omwe ali ndi HIV abayidwe kawiri, ndipo katatu ngati n'kotheka. Makolo omwe akulera mtsikana yemwe ali ndi HIV auze azaumoyo kuti mwanayo alandire katemera wokwanira. Katemerayu sachiza HPV yomwe idalowa kale m'thupi ndipo sateteza ku mitundu yonse, choncho wolandira katemera adzayezetsebe akadzafika msinkhu.

Cholinga cha 2030

Pa 17 Novembala 2020, bungwe la WHO lidakhazikitsa ndondomeko yothetsa khansa ya khomo la chiberekero padziko lonse. Ndondomekoyi imafuna kuti pofika mu 2030, atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemera pofika zaka 15, amayi 70 mwa 100 alionse akhale atayezedwa ndi njira yodalirika pofika zaka 35 komanso pofika zaka 45, ndipo amayi 90 mwa 100 alionse opezeka ndi vuto alandire chithandizo. Dziko lidzatengedwa kuti lathetsa nthendayi ngati amayi opezeka nayo pachaka ali ochepera anayi mwa 100,000 alionse. Mu 2020, chiwerengero cha Malawi chidali choposa 60 mwa 100,000 alionse.

Amayi omwe ali pa ma ARV ali ndi mwayi umodzi womwe amayi ena alibe: amafika kuchipatala kangapo pachaka, ndipo ali kale m'kaundula wa azaumoyo. Paulendo wotsatira wokatenga mankhwala, mayi afunse mafunso atatu: Kodi pano mumayeza khomo la chiberekero, kapena ndipite kuti? Mukapeza vuto, mundithandiza lero lomwe? Nanga ndidzabwerenso liti? Yankho la funso lomalizali alione litalembedwa m'buku asanatuluke pachipata.